Singano ya Mayi Dolofe ndi Phewa la Mfumu

Mukafuna kupita ku Ufumu wa Tidzaonamawa musafulumire, chifukwa basi yake imanyamuka ikadzaza, ndipo sinadzazepo. Amene anafikako wapansi amati ndi dziko la anthu aulemu, oleza mtima, odziwa kuima pa mzere asanafunse n'komwe kuti kutsogoloko akugawa chiyani. Likulu lake ndi Mpandowofewa. Kumeneko n'kumene kunali nyumba ya Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, amenenso sanalakwepo.

Dzikoli linali ndi mwambo umodzi woposa yonse, wotchedwa Chiyambamfumu. Chinthu chilichonse chatsopano chinkayenera kuyamba ndi mfumu. Mjigo ukakumbidwa, woyamba kumwa madzi ake inali mfumu, ndipo anthu a mudzi wa Pirirani anamwa madzi a m'chithaphwi miyezi isanu ndi iwiri, mjigo watsopano uli pomwepo atauveka nsalu, kudikira kuti mfumu ipeze mpata. Mlatho ukamangidwa, anthu ankawoloka pansi pake mathalauza ali m'manja, mpaka mfumu idzaupondepo. Za chimbudzi chatsopano cha pamsika sindinena, poti nkhanizi amawerenganso ana.

Mfumuyo inali ndi mphatso imene ngakhale adani ake sankaikana, mphatso ya kulankhula. Ikagwira chimkuzamawu inkayambira pa tsiku limene agogo ake anabadwa, n'kumabwera pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, kufika pa za lero dzuwa likulowa. Ikamalankhula sinkamva kanthu. Tsiku lina mavu anailuma pakhosi ili pakati pa nkhani ya njala ya makedzana, koma inazindikira mawa lake poona kutupa. Tsiku linanso tenti inaigwera, mawu n'kumangotulukabe pansi pa tentiyo kwa maola awiri.

Chaka chimene ndikunenachi kunagwa nthenda yotchedwa kanjenjemera. Munthu ankayamba ndi kutsokomola, kenako kutentha thupi, kenako kunjenjemera mpaka bedi kumayenda lokha. Ena ankadzuka patatha milungu itatu, ena osadzukanso. Ndipo poti nthenda sidziwa kuti wovala zoyerayu ali pantchito, inayamba kugwetsa anamwino, madokotala ndi okolopa m'mawodi omwe. Pa Chipatala cha Dikirani, chachikulu mu ufumu wonse, zinafika poti wodwala amene wapezako bwino ndiye ankadzuka kukamwetsa namwino madzi.

Mkulu wa anamwino pamenepo anali Mayi Dolofe Chinkhuntha, mayi wamfupi wa imvi mbuu, amene pa zaka makumi anayi za ntchito yawo anabaya matako a theka la ufumuwo. Nduna zambiri zikakumana nawo panjira zinkalephera kuwayang'ana m'maso, chifukwa iwo ankazidziwa mbali ina. Analibe banja lina koma chipatalacho, ndipo anamwino onse ankawatcha ana awo. Pa chala chawo cha mkombaphala panali chipsera chopindika ngati mwezi watsopano, chimene sankakonda kunena chiyambi chake.

Katemera wa kanjenjemera atafika kuchokera kunja, Mayi Dolofe anaimba nthungululu okhaokha m'chipinda cha furiji. Anali wokwanira anthu mazana atatu ndi khumi ndi awiri, ndendende chiwerengero cha onse ogwira ntchito m'zipatala za Tidzaonamawa, osaposa, osaperewera. Pa bokosi panalembedwa kuti mphamvu yake idzatha Lachisanu lomaliza la mwezi wa Juni. Apa n'kuti uli mwezi wa Epulo. Iwo anaiona ngati ntchito ya tsiku limodzi, poti chimwemwe chinawaiwalitsa dziko limene anabadwiramo.

Ku Mpandowofewa bwalo la nduna linakhala pansi. Nduna ya Zaumoyo, Bambo Vomerezani, munthu wa thupi lotambalala amene anakwera maudindo onse pogwedeza mutu, anaimirira n'kuwerama.

"Mwini dziko, katemera wafika chifukwa cha nzeru zanu."

"Tikudziwa," inatero mfumu. "Lembani lamulo. Aliyense wogwira ntchito m'chipatala abayidwe. Amene dzuwa la Lachisanu lomaliza la Juni lidzamulowere asanabayidwe, achotsedwe ntchito, ndipo asadzakhudzenso wodwala. Sitifuna amantha m'dziko muno. Kasingano kachabechabe, munthu wandevu zake n'kumathawa?"

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Phokoso litatha kunamveka kutsokomola kumbuyo. Anali Bambo Zakalekale, Msungamwambo wa ufumu, nkhalamba imene makutu ake ankamva zokhazo zimene akufuna, koma maso ake ankaona utitiri pa nkhuku ya mnansi.

"Mwini dziko, katemerayu ndi chinthu chatsopano?"

"Chatsopano zedi. Agogo athu sanachione."

"Ndiye Chiyambamfumu chikuti singano yoyamba ilowe m'phewa la mfumu. Ndidzaone ndi maso angawa kadontho ka magazi achifumu pa thonje. Wobayidwa mfumu isanabayidwe apirikitsidwe kupita ku Simudzabwerako. Kiyi wa mabokosiwo ndisunga ine."

Mfumu inamwa madzi, inayang'ana kudenga, inamwanso madzi.

"Zoona," inatero ndi mawu ocheperako. "Mutu ukakula sulewa nkhonya. Tiyamba ndithu. Tiona mawa."

Mawa lake kunapezeka kuti nsalu ya mwambowo sinasindikizidwe. Nsalu itabwera, yokhala ndi nkhope ya mfumu pakati pa majakisoni awiri opingasa, mfumu inalota maloto oipa, ndipo tsiku linasinthidwa. Kenako kunabuka funso lalikulu lakuti abaye phewa liti. Lamanja ndi la dzanja lopatsa anthu moni, lamanzere ndi la dzanja logwira ndodo yachifumu. Anasankha komiti ya anthu khumi ndi asanu ndi anayi imene inakabindikira ku hotela ya pa phiri la Mpumulo milungu itatu. Inabwerako yonenepa, ili ndi lipoti la masamba mazana awiri lotsimikiza kuti mfumu ili ndi mapewa awiri, ndipo onse ndi ofunika.

Wailesi ya ufumu inkakumbutsa anamwino m'mawa ndi masana kuti masiku akutha, n'kumadzudzula ulesi wawo. Ku Dikirani anamwino enanso asanu ndi mmodzi anagwa ndi kanjenjemera, ndipo mmodzi sanadzuke. Mayi Dolofe anamusambitsa okha. Pochokera kumanda anakaima nthawi yaitali pakhomo la chipinda cha furiji, akumva furijiyo ikulira m'katimo ndi mankhwala amene akanamupulumutsa. Mtima unawawawa, ndipo anakwiya mkwiyo umene anali asanaukwiyepo chiyambire ntchito.

Ku msika wa Mwamvakale, kumene nkhani zimafika wailesi isanazidziwe, Mayi Nasiketi ogulitsa tomato anali ndi benchi yawo moyandikana ndi makina a Bambo Lingisoni, telala wa kunyumba yachifumu. Pa nsalu za mwambo zija telalayu ndiye ankasokapo tsiku.

"A Lingisoni, tsikuli mwalisintha kangati?" anafunsa Mayi Nasiketi.

"Kanayi, mayi. Pano ndatopa kumasula ulusi. Ndangosokapo kuti 'Posachedwapa'."

"Nanga anamwinowa atani? Akabayidwa apita ku Simudzabwerako, akapanda kubayidwa apita kwawo."

"Kulikonse apita ndithu. Boma lathu silikondera."

Mayi Dolofe anafika pomwepo kudzagula tomato, nkhope ili yakugwa. Telala anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Amayi, musadikire chinthu chimene sichidzabwera. Ine ndasokera amfumu zaka khumi ndi ziwiri. Ndikafika pachipata asilikali amandisecha ngati mbava, kufunafuna singano. Ngakhale kaphini sikalowa. Ndimawayeza ndi maso nditaima uko. Mumayesa n'chifukwa chiyani mathalauza awo mwendo wina umatalika?"

"Mukundiuza ine?" anatero Mayi Dolofe. Anatukula chala chawo cha chipsera chija. "Ndinali ndi mwezi umodzi pantchito. Anabwera naye kusikelo mwana wa mfumu, amfumu athu a lerowa, ali ndi zaka zisanu, mayi ake atamugwira miyendo, asilikali awiri atamugwira manja. Ine ndinachita zimene timachita ndi mwana aliyense. Ndinati, 'Taona mbalame iyo pazenera!' Ana onse amacheuka, singano n'kulowa. Iyeyo sanayang'ane zenera, anayang'ana chala changa."

Mayi Nasiketi anaseka mpaka tomato awiri kugubuduka pa benchi.

"Ndiye jakisoniyo analowa?"

"Mpaka lero ndikadali naye mangawa."

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Masiku anatha, ndipo Lachinayi la mlungu womaliza Bambo Vomerezani anaitanitsa Mayi Dolofe ku ofesi kwawo, n'kutseka chitseko ndi mawindo.

"Mayi Chinkhuntha, mawa mwambo uchitika. Mwini dziko alankhula kaye, ndipo akamaliza inu mubwera ndi jakisoni wopanda singano. Mungogunda paphewa. Ine ndiima pakati pa inu ndi nkhalamba ija kuti isaone. Thonje nali, tadonthezapo kale inki yofiira."

Mayi Dolofe anayang'ana thupi la ndunayo. Kubisa linkatha kubisa ndithu, ngakhale ng'ombe.

"Bwana, ine sindinabayepo mphepo chiyambire. Koma tisiye zimenezo. Amfumu amamaliza kulankhula dzuwa likulowa. Ana anga mazana atatu ndiwabaya nthawi yanji?"

"Zimenezo ndi zanu. Munali ndi miyezi itatu."

"Kiyi anali kwa ine?"

"Mayi, lamulo ndi lamulo. Sindinalipange ndine, ine ndinangovomereza."

Potuluka mu ofesimo Mayi Dolofe analunjika kumsika. Telala anali akumalizitsa malaya a mfumu a mwambowo, amene anawatsegula kazenera paphewa la kumanzere kuti ojambula zithunzi adzaone khungu lachifumu.

"A Lingisoni, kazenerako mukuikapo batani?"

"Awiri, amayi. Agolide."

"Musokerepo mongokongoletsa. Kansaluko kazingotukuka ndi chala chimodzi."

Telala anawayang'ana, anayang'ana chala chija, n'kupitiriza kupalasa makina ake akumwetulira.

Lachisanu bwalo la Mpandowofewa linadzaza. Amayi anavala nsalu zolembedwa kuti "Posachedwapa", ng'oma zinalira, ndipo kuseri kwa tenti yaikulu kunaima ogwira ntchito m'zipatala onse, ena atachita kuwanyamula pamachira. Mabokosi ozizira a katemera anali pambali pa Bambo Zakalekale atawakhoma ndi loko. Nthawi itakwana 10 koloko mfumu inagwira chimkuzamawu ndi dzanja lamanja, lamanzere litatsamira pa ndodo yachifumu, n'kuyamba kuti, "Pa tsiku limene agogo athu anabadwa, kunagwa mvula ya matalala."

Pofika pamene agogowo anamera mano, nduna zonse zinali m'tulo. Bambo Vomerezani anali katswiri pa zimenezi, chifukwa ankagona mutu ukugwedezabe movomereza.

Mayi Dolofe anadziwa bwino chimene ankachita. Katemera anali wa anthu mazana atatu ndi khumi ndi awiri, pamalo pa namwino womwalira uja anali atalembapo kale wina, ndipo mfumu sinali pa chiwerengerocho, poti nduna inaikonzera mphepo. Kubaya mfumu zenizeni kunatanthauza kuti munthu mmodzi asowa. Sanavutike kuganiza kuti munthuyo akhala ndani. Anakonza chisoti chawo choyera, n'kupita kukagwada pafupi ndi Msungamwambo.

"Bambo, tsegulani bokosi. Amfumu akonzeka."

"Akulankhulatu."

"Mwambo umati pakamwa pakhale potseka?"

Nkhalamba inaganiza, inafufuza m'mutu mwake mibadwo isanu ndi iwiri, ndipo sinapezemo lamulo lotero. Inatsegula loko. Inatenga jakisoni, inamuyang'ana padzuwa, inaona singano ikunyezimira, n'kugwedeza mutu. Awiriwo anakwera pa nsanja mwakachetechete, n'kuima kumbuyo kwa mfumu, imene panthawiyo inali itafika pa ukwati wa agogo ake ndipo inkatchula mayina a mbuzi zimene zinaphedwa.

Khamu lonse linaona. Ng'oma zinasiya zokha. Mayi Dolofe anatukula kansalu kaja ndi chala cha chipsera, anapukuta ndi sipiriti, ndipo singano imene inadikira zaka makumi anayi inalowa n'kutuluka. Mfumu inati, "Ndipo mbuzi yachisanu ndi chiwiri inali ya mawanga," osaphethira n'komwe. Bambo Zakalekale analandira thonje lokhala ndi kadontho kofiira, analinunkhiza, n'kutulutsa kiyi wa mabokosi onse.

Zimene zinachitika kuseri kwa tenti anthu amazikambabe. Aliyense wobayidwa ankatsitsa mkono wa malaya, n'kutenga jakisoni kubaya mnzake. Madokotala, anamwino, azamba, alangizi a zaumoyo a kumidzi, okolopa, alonda a pachipata, onse anadutsa. Pamene mfumu inkafika pa chaka chimene inabadwa iyo mwini, mabokosi anali mbee.

Dzuwa likupendeka mfumu inamaliza. Inakumbukira zimene zatsala, nkhope n'kusintha. Inatembenukira kwa Mayi Dolofe, inatseka maso mwamphamvu ngakhale inali itauzidwa kuti jakisoniyo sakhala ndi singano. Bambo Vomerezani anadzidzimuka n'kuthamanga kudzaima pamalo pawo pobisa.

"Zatha kale, Amfumu," anatero Mayi Dolofe.

Msungamwambo anatukula thonje m'mwamba. "Magazi achifumu! Ndaona ndi maso angawa. Singano yaitali chonchi, yonse m'kati, mwini dziko osasiya ngakhale liwu limodzi!"

Bwalo linaphulika ndi nthungululu. Mfumu inagwira paphewa, inapeza pulasitala, ndipo kwa kanthawi maso anachita chidima. Koma makutu ake anamva anthu akuimba za kulimba mtima kwake, ndiye inadzigwira pa ndodo ija n'kutukula chifuwa.

"Tinaimva ikulowa," inatero. "Koma mfumu silira."

Bambo Vomerezani sakanatha kunena kuti pangano silinali lotero. Anameza mkwiyo wawo, n'kuitanitsa kaundula wa obayidwa. Anawerenga ndi chala, anabwerezanso, ndipo nkhope yawo inawala. Mayina anali mazana atatu ndi khumi ndi limodzi. Dzuwa linali litalowa.

"Dolofe Chinkhuntha," anawerenga pa chimkuzamawu, "sanabayidwe. Malinga ndi lamulo la mwini dziko, wachotsedwa ntchito, ndipo asakhudzenso wodwala."

Anamwino anayamba kulira ndi kukuwa, koma Mayi Dolofe anawaletsa ndi dzanja. Anavula chisoti chawo, anachipinda bwinobwino, n'kuchipereka kwa ndunayo. Ananamizira kuseka, koma zinawapweteka kwambiri. Zaka makumi anayi anadzuka m'mawa uliwonse akudziwa kopita, ndipo Loweruka limenelo anadzuka, anavala, anafika mpaka pakhomo, kenako n'kukhala pansi.

Mayi Nasiketi anawasunthira malo pa benchi ya tomato. Malonda anayenda bwino kuposa kale, chifukwa amayi ankabwera ndi ana odwala kumbuyo n'kumagula tomato mmodzi mmodzi.

"Ine lamulo landiletsa kukhudza wodwala," ankatero Mayi Dolofe manja ali kumbuyo. "Koma tomatoyu akundiuza kuti mwanayo mupite naye ku Dikirani lero lomwe, musadikire mawa."

Patatha milungu inayi kunafika galimoto zitatu za katemera, wokwanira ufumu wonse tsopano, pamodzi ndi kalata yonena kuti amene anabayidwa kamodzi ayenera kubayidwa kachiwiri, apo ayi woyamba uja apita pachabe. Bambo Zakalekale anagamula kuti jakisoni wachiwiri ndi chinthu chatsopano, poti sanachitikepo. Analandanso makiyi, n'kulamula kuti aliyense asabayidwe katemera wa m'galimotozo mfumu isanabayidwe.

Anayesa njira yakale. Anakonza bwalo, anapatsa mfumu chimkuzamawu, namwino wina n'kuima kumbuyo. Koma mfumu tsopano inkadziwa zimene zimachitika kumbuyo kwa munthu wolankhula. Inkangoti mawu awiri n'kucheuka, mawu awiri n'kucheuka. Agogo ake anabadwa, anakula n'kumwalira m'mphindi zisanu zokha, ndipo anthu anabwerera kwawo dzuwa lili pamutu, osadziwa chochita ndi tsiku lotsalalo.

"Sitifuna dzanja lina," inatero mfumu itabwerera kunyumba. "Tikufuna dzanja lija losamveka. Kamutengeni mayi uja."

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Bambo Vomerezani anatsika pa galimoto yawo mu msika wa Mwamvakale, nsapato zonyezimira zikuponda makoko a nthochi, n'kuima pa benchi ya tomato chipewa chili m'manja.

"Amayi athu, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu, bwana. Mulu uwu ndi wakupsa, uwu ndi wa mawa."

"Sindinabwerere tomato. Mwini dziko akufuna muwabaye."

"Ine? Lamulo likuti wosabayidwa asakhudze wodwala."

"Ndiye tikubayani lero lomwe, katemera alipo wambiri."

"Amfumu asanabayidwe? Mukufuna ndikafere ku Simudzabwerako?"

Nduna inapukuta thukuta ndi chipewa. Anthu anali ataunjikana, ndipo telala anali atasiya makina ake kuti asaphonye liwu.

"A Nduna, musavutike," anatero Bambo Lingisoni. "Sankhani komiti."

Msika wonse unagwa ndi phwete. Mayi Dolofe anadikira kuti phokoso lichepe, chifukwa ngakhale anali okwiya sankakonda kuona wodwala akuzunzika, ndipo ndunayo panthawiyo inkaoneka yodwala.

"Bwana, kwathu ndinaona abusa a ng'ombe. Mbusa wabwino satsogola. Amayenda pambuyo, kuti aone kuti zonse zalowa m'khola. Kawafunseni amfumu ngati pa nkhani ya singano sangakonde kukhala mbusa wotero."

Akuti mfumu itamva mawuwa inaimirira n'kukumbatira nduna yake, chinthu chimene sichinachitikepo. Tsiku lomwelo kunatuluka lamulo la Chitsirizamfumu, lonena kuti pa chinthu chilichonse chosongoka mfumu izikhala yomaliza, chifukwa chokonda anthu ake. Bambo Zakalekale atafunsidwa anati mwambo umenewu unalipo kuyambira kale, kungoti unaiwalika. Anapereka makiyi.

Lolemba m'mawa woyamba kubayidwa pa Chipatala cha Dikirani anali Mayi Dolofe Chinkhuntha. Anamwino anachita kulimbirana kuti awabaye ndani. Atatsitsa mkono wa diresi anapeza chisoti chawo chili patebulo, chochapidwa ndi kusitidwa, ndipo pochivala misozi inagwa, iwo n'kunamizira sipiriti.

Panja mzere unachoka pakhomo la chipatala, kudutsa msika, mpaka ku mlatho. Kumapeto kwenikweni kwa mzerewo kunaima Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mfumu yoyamba m'mbiri ya Tidzaonamawa kuima pa mzere. Ndipo inaima mwaulemu wodabwitsa. Aliyense wobwera mochedwa inkamuuza kuti, "Pitani patsogolo, mayi. Dutsani, bambo, ife sitikufulumira." Mzere ukayamba kufupika inkatuma asilikali ndi galimoto zachifumu kukasaka otsala. Anakatenga a ku Pirirani, a kuseri kwa mapiri, asodzi a m'madambo, ngakhale a ku Simudzabwerako anabwerako. Nduna zimene zinabisala m'maofesi inazitulutsa yokha pozitchula mayina, ndipo Bambo Vomerezani anakuwa mpaka kumsika kunamveka.

"Chibadwire sindinaone boma likufunafuna anthu chonchi popanda msonkho," anatero Mayi Nasiketi akusisita phewa lawo.

"Mantha a munthu mmodzi achita zimene makomiti onse analephera," anayankha telala. "Tipemphere asachire."

Tsiku lachitatu masana asilikali anabwerako ndi galimoto zopanda munthu. Mu ufumu wonse munalibenso phewa losabayidwa. Mfumu inayang'ana kumbuyo kwake, inaona galu yekha atagona pamthunzi, ndipo ena amati inamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako m'chipinda munamveka mawu a Mayi Dolofe.

"Wotsatira!"

Mfumu inalowa yokha, n'kukhala pa benchi imene amakhalapo ana. Munalibe chimkuzamawu, munalibe nduna yoti iime pakati. Mayi Dolofe anakoka mankhwala m'kabotolo mosafulumira, mfumu ikuona singano yonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga.

"Mukufuna mulankhuleko, Amfumu? Muyambire pa agogo anu."

Mfumu inapukusa mutu. Maso ake anachoka pa singano n'kutera pa chala chimene chinagwira thonje. Inaona chipsera chopindika chija, ndipo inachizindikira.

"Amayi," inatero ndi mawu aang'ono amene ufumu wonse unali usanawamvepo, "ndinali ine, eti?"

"Munali inu, mwanangu. Mano anali akuthwa."

"Pepani." Mawu amenewa anali asanatulukepo m'banja la Sindilakwa mibadwo itatu, ndipo anatuluka movutikira ngati chitseko cha dzimbiri. "Ndikuopa, amayi."

"Ndikudziwa. Anthu onse amene mwawalowetsa muno masiku atatuwa amaopanso, kungoti analibe wowaimitsira dziko." Anapukuta phewa ndi sipiriti, kenako anatukula nsidze n'kuloza ndi chibwano. "Ii, taonani mbalame iyo pazenera!"

Ulendo uno mfumu inayang'ana pazenera. Panalibe mbalame, ndipo mfumu inadziwa kuti palibe, koma inapitiriza kuifunafuna mpaka Mayi Dolofe atamata pulasitala.